Nkhuku Zoyera za Anyina Yotamu

Alamu anga tinawaika mwezi watha, mvula yoyamba itangopha fumbi. Anali mlongo wawo wa amuna anga a Zimba, woyamba kubadwa m'mimba imeneyo, ndipo kuno kwathu ku Kambombo ndi ochepa amene ankawaitana kuti a NyaZimba. Ana ndi akulu omwe tinkangoti anyina Yotamu. Pamaliro pawo achibale a ku Chikwa anabwera ndi nkhuku ziwiri zoti anthu adyere, koma amuna anga anati zimenezo zisalowe pabwalo, zibwerere kwa eni ake zili zamoyo. Tinadyera nyemba ndi nsomba zouma. Alendo anang'ung'udza kuseri kwa nkhokwe, ena n'kumati chisoni chawasokoneza mutu akuluwa. Ine ndinakhala chete, popeza nkhani yake si yokambira pamaliro. Manje tameta, ndingathe kuikamba.

Anali munthu wamfupi alamu anga, wouma thupi, wa mphini ziwiri patsaya lamanzere. Akamayenda ankapendamira kutsogolo ngati pali chimene aiwala pamoto. Kuseka ankaseka, koma osati ndi aliyense. M'mawa, ife tisanagwire misi yosinjira, iwo amakhala atapita kale kuthengo kukavundukula miphika yawo ya chiswe. Ankatola ndowe zouma za njovu m'njira ya kumtsinje, kuzinyenya m'miphika yosweka pamodzi ndi mapesi, kuwazamo madzi, n'kuvundikira pafupi ndi chulu. Kukacha m'mphikamo muli chiswe chokhachokha. Chimenecho ndicho chinali ndiwo za nkhuku zawo. Zigoba za nkhono ankaziotcha n'kuzisinja, amvekere nkhuku yosadya nkhono imaikira dzira lofewa ngati chikopa. Gaga wa m'mudzi wonse ankathera kwa iwo. Ukangoyamba kupeta, mthunzi wawo uli kale pa lichero.

Anthu ankaseka kuti kwa anyina Yotamu nkhuku zimadyera m'mbale ngati azungu. Iwo sankakana. Ankati nkhuku yakumudzi ndi mlenje, imadzifunira yokha, koma yoyera ndi mlendo. Ukaiwala kuipatsa imangokuyang'ana mpaka kugwa.

Koma ndayambira pakati. Ndinene kaye m'mene nkhukuzo zinafikira kuno.

Alamu anga anakwatiwa ku Chifunda. Kumeneko anabereka kasanu ndi kawiri, ndipo ana asanu ndi mmodzi anawasiya m'manda a kumeneko asanayambe n'kuyenda komwe. Amuna awo atamwalira anabwerera kwa mlongo wawo ndi mwana mmodzi yekha wotsalayo, Yotamu. Mwanayo anakulira pabwalo pathu pano. Atamera ndevu anapita kumigodi ku Luanshya monga anzake onse, ndipo chaka chimene anthu anayamba kukamba za Fedeleshoni anabwera kudzationa. Anafika masana akukankha njinga, kumbuyo atamangirira chiteletele chimene timanyamuliramo nkhuku pa ulendo. M'menemo munali misoti isanu ndi tambala mmodzi, zonse zoyera mbee, malipombo ofiira ogwera mbali imodzi. Anati anazigula ku Lundazi kwa anthu a zaulimi, ndipo njira yonse yotsika phiri ankazimwetsa madzi m'kapu yake yomwe.

Amuna anga anasuzumira m'chiteletelemo n'kugwira m'chiuno.

"Iwe Yotamu, mtunda wonsewu wayenda kuti utibweretsere akakowa?"

"Si akakowa amalume, izi n'zamazira. Imodzi imaikira pafupifupi tsiku ndi tsiku."

"Manje mazirawo adya ndani? Amuna m'mudzi muno tatsala angati? Nonse munathawira kumigodi."

Yotamu anaseka, koma tsiku limene ankabwerera anagwada pakhomo pa amake, ine ndili pomwepo ndikusenda chinangwa, ndipo sanaseke.

"Amama, musunge mbewu imeneyi, isasakanizike ndipo isathe. Ndikagwire zaka ziwiri zokha. Ndikadzabwera ndidzamanga khola lalikulu, kumgodi sindidzabwererakonso."

Makalata anabwera awiri, aphunzitsi n'kutiwerengera. Kenaka zii. Obwera kuchokera kumigodi ankanena zosiyana: wina akuti anamuona ku Luanshya komweko, wina akuti anawolokera ku Halale, wina akuti anakwatira mkazi wa chilankhulo china. Palibe amene anati wamwalira, palibenso amene anati ndadya naye. Chimene amake anatsala nacho m'manja ndi nkhuku zija. Kwa iwo nkhani inali yachidule: mbewu ikakhalapo, mwini wake abwera kudzaiona.

Kuikira zinkaikiradi. Koma panali chinthu chimodzi chimene Yotamu sananene, mwina nayenso sankachidziwa. Nkhuku zimenezo sizikhalira mazira. Imaikira, kutetera pang'ono, n'kuchoka osacheuka. Alamu anga anadikira mwezi wathunthu, mazira akudzaza chisa, nkhuku ili jegwejegwe pabwalo. Anayesa kuivundikira ndi dengu pamazirapo, iyo n'kuwaponda. Amayi kumtondo anapeza chokamba: amayi otani obereka n'kuthawa, zaonekeratu kuti n'za m'tauni.

Ndiye anapeza nzeru. Anali ndi kameta wawo wofiirira, nkhuku yakumudzi yopanda nthenga m'khosi, yonyansa kuiona koma yodziwa kulera. Ikayamba kukhalira, ankaichotsera mazira ake n'kuikapo a zoyera. Anaitcha Mlezi. Inaswa anapiye oyera okhaokha n'kumayenda nawo monyada ngati ndi ake. Mbewu inapitirira choncho, pamsana pa Mlezi. Nkhuku zina zakumudzi anazichotsa zonse, namanga mpanda wa bango kuti matambala a eni asalowe. Tambala wa a Goma, oyandikana nawo nyumba, anauluka mpandawo tsiku lina ndipo anabwerera kwawo akutsimphina. Mlandu wake unatha masiku awiri. Akabawi nawo ankaona choyera ali kutali, mpaka alamu anga anayamba kupaka anapiye dothi la katondo. Ukadutsa pakhomo pawo umaona tinthu tofiira tikuthamangathamanga, mitu yokha ili yoyera.

Sindinganame kuti anali munthu wofewa. Kwathu kuno nkhuku yoyera imafunika kwa ang'anga, ndipo anthu ankabwera kuchokera kutali atamva kuti kwa anyina Yotamu zilipo zambiri. Bambo wina anayenda tsiku lathunthu, mkazi wake ali gone, nagwada pakhomo mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anga anamupatsa madzi, anamupatsa mazira m'kansengwa kuti akaphikire wodwalayo, koma nkhuku anakana. Anati si zawo, mwini wake ali paulendo. Bamboyo anasiya mazirawo pansi n'kumapita. Anthu anawanena kwambiri chaka chimenecho, ndipo inenso ndinali mmodzi wa owanenawo.

Za mazira n'zimene ndimaseka ndikakumbuka. Kwathu mkazi sadya dzira. Tinakula tikuuzidwa kuti ukadya sudzabereka, kapena udzavutika pochira, kapena mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Manje mazira anachuluka pakhomo pawo, ena n'kumaola. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akusenda dzira lophika, mchere uli pabondo. Ndinaima ngati ndawapeza akuba.

"Mukuyang'ana chiyani, NyaMvula?" anatero, chifukwa ndilo dzina langa. "Ine sindinalawe dzira ndi limodzi lomwe, koma ana anga asanu ndi mmodzi anapita. Manje ndiopenso chiyani? Khalani pansi, nali lanu."

"Yayi alamu, ine ndingachite mantha."

"Pa msinkhu wanuwu mukuopa kubala mwana wadazi? Amuna anuwo dazi analitenga kuti, amama anadya dzira?"

Ndinadya, ndikuyang'ana uku ndi uku. Kuyambira pamenepo nkhalamba za m'mudzi zodwala zinkalandira dzira lophika m'mawa, lokulungidwa m'tsamba. Atsikana okha ndiwo sankawapatsa. Ankati za ana a eni sangaziike pamutu pawo.

Mkangano wawo ndi amuna anga unabwera m'chaka chachitatu. Kunafika alendo odzakamba za ukwati wa mwana wathu wotsiriza, Jenala. Mwambo wathu ndi woti mlendo wolemekezeka akafika, nkhuku iliyonse ya pachibale imene ili pafupi imagwidwa, mwini wake n'kudzamubwezera pambuyo. Palibe amene amayesa kuba zimenezo. Tsikulo linali masana, zathu zonse zili kuthengo, alamu anga ali kudimba, ndipo zoyera zinali mumpanda, zosavuta kugwira. Amuna anga analowa n'kutenga imodzi. Ine ndinaikonza, sindikana.

Alamu anga pobwera anadzera kudzala kwathu, naona nthenga. Anatula mtolo wa nkhuni. Anatola nthenga zija imodziimodzi, ngakhale timene tinakakamira pa udzu, nazimanga kunsonga ya nsalu yawo. Kenaka anapita pamene alendo ankasamba m'manja atatha kudya. Kwathu mlongo timati mudumbu.

"Adumbu, yakoma?"

"Nkhuku ndi nkhuku, anyina Yotamu. Ndidzakubwezerani ziwiri."

"Ziwiri zoyera?"

Alendo anaweramitsa mitu. Amuna anga ndi munthu wamanyazi, ndipo munthu wamanyazi akachititsidwa manyazi pagulu amanena zimene sanakonze.

"Mukutinyozetsa pamaso pa alendo chifukwa cha nthenga? Mwini wakeyo ali kuti? Chaka chachitatu chino, kalata palibe. Ameneyo ndi mtchona, kapena anafa kale. Mukanakhala munthu womva, bwenzi titalira maliro ake n'kumeta, tiiwale."

Alamu anga anawayang'ana nthawi yaitali.

"Nkhuku yake mwadya. Manje mwamukumbira ndi manda."

Anatembenuka n'kumapita, ndipo nyengo ya mvula inadutsa kawiri asanalankhulane. Nyumba zinali zoyang'anana, koma mawu onse ankadzera mwa ine. Amuna anga ali pomwepo, iwo amvekere, "NyaMvula, muwauze anthu a m'nyumba mwanu kuti mbuzi yawo ikudya mpanda wanga." Amuna anga nawo, "Muwauze kuti mbuzi ilibe mwini wake wa ku Luanshya woti tiziiopa." Koma denga la alamu anga litayamba kudontha, m'mawa wina pakhomo pawo panapezeka mitolo ya udzu ndi luzi. Anafolera, n'kundiuza kuti masiku ano udzu ukumayenda wokha, dziko latha.

Tsopano ndafika pa chimene ndinayambira nkhaniyi.

Nyengo yotentha, mitengo ikayoyola masamba, kuno kumabwera chitopa. Chikalowa m'mudzi chimasesa makola onse, kutsala nkhuku imodzi kapena ziwiri zouma mutu. Alamu anga anali atachipulumuka zaka zonsezo chifukwa akangomva mphekesera ankasamuka. Ankanyamula nkhuku zawo kupita nazo kudimba lawo m'mbali mwa Luangwa, ulendo woyamba m'mawa kukafika dzuwa litakwera, kumene anamanga msasa ndi khola la m'mwamba. Ankakhala komweko mpaka mvula. Munthu wochokera kumudzi ankaima kutali, pamtengo wa msikizi, n'kuitana. Wonyamula nkhuku, ngakhale nthenga ya pachipewa, sankadutsa mtengo umenewo.

Chaka chachiwiri cha mkangano uja zinthu zinawaipira. Atangosamuka, mng'azi unagwira Mlezi akumwa madzi. Matambala aang'ono anali atatha ndi akabawi ndi avumbwe, kutsala mmodzi wokalamba amene ankalira mosasa mawu. Zazikazi zinali zisanu ndi ziwiri, nazonso zikuchepetsa kuikira. Popanda nkhuku yokhalira, chaka chimenecho sikukanakhala anapiye, ndipo tambala uja sakanaona chaka china. Mbewu inali kutha iwo akuona. Kukatenga nkhuku ina kumudzi ankaopa, popeza chitopa chinali chitamveka kale ku Chikwa. Ankangosonkhanitsa mazira abwino m'nsengwa, osadziwa chochita nawo.

Nthawi yomweyo amuna anga anali atangodzuka pa mphasa. Chifuwa chinawagwira nyengo yozizira mpaka tinayamba kuitana abale. Atachira anandiuza kuti chimene chinkawaopsa si imfa, koma kupita asanamve mlongo wawo akuwaitana ndi pakamwa pake. Anafunsa akulu, akulu anati mukudziwa kale, wolakwa amapepesa ndi nkhuku. Ndine amene ndinawauza za Mlezi. Ndinenso amene ndinasankha thadzi langa lakuda, limene linali litayamba kukhalira, nkhuku yoti ngakhale uyiikire miyala imakhalira. Tinati mphatso yoposa imeneyi palibe. Tinkaona ngati tachita nzeru.

Tinapita atatu, ine, amuna anga ndi a Goma ngati mboni. Tinaima pa msikizi paja. Alamu anga anatuluka mumsasa, naona chimene chinali m'khwapa mwa mlongo wawo, naima pomwepo. Amuna anga sanadikire. Anadutsa mtengo uja, nagwada pamchenga wotentha, natambasula manja ndi nkhuku ija.

"Adumbu, ndinalakwa. Ndinalakwa pa nkhuku, ndinalakwanso pakamwa. Ndamva kuti Mlezi anapita. Iyi ikukhalira. Ilereni mbewu ya mwana wathu."

Mwambo wake uli chonchi: nkhuku yopepesera imalandiridwa ndi manja awiri. Ukaikana pamaso pa mboni, wobwera nayo amabwerera nayo, ndipo chibale chathera pomwepo. Ameneyo sudzamuika, iyenso sadzakuika. Alamu anga ankadziwa zimenezi kuposa tonsefe. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana kukhola kwawo. Mawu awo oyamba kwa mlongo wawo patapita zaka ziwiri anali akuti:

"M'mudzi zafa zingati?"

Amuna anga sadziwa kunama.

"Ziwiri, kumapeto kwa mudzi uko. Eni ake akuti ndi dzuwa."

"Dzuwa," anatero alamu anga.

A Goma anayang'ana kumtsinje. Ine ndinkaona amuna anga ali chigwadire pamchengapo, munthu woti wangodzuka kumene, mafupa okhaokha. Alamu anga nawonso ankaona zomwezo.

"Nyamukani adumbu, mchenga ukuotcha."

Anailandira ndi manja awiri. Anaitsegula kukamwa, anaiyang'ana m'maso, anaiona kunsi kwa chipsepse, anaiika kukhutu kumvetsera m'mene ikupumira. Inalibe chilema. Amuna aja atakhala pamthunzi, ine ndinawanong'oneza kuti mwambo ukulola, angathe kuipha tidye pamodzi, nkhani ithe.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma munthu uyu sanabwere ndi ndiwo. Waganiza za mwana wanga. Ndikaipha adzati ndalandira ndi dzanja limodzi." Kenaka anawonjeza motsitsa mawu, "Ndipo mazira ali khumi ndi limodzi m'nsengwamo, NyaMvula. Ndiwaikire ndani?"

Anaikonzera chisa kuseri kwa msasa, kutali ndi khola monga m'mene malo analolera, naipatsa chigoba chake cha madzi. Inakhala pamazira paja ngati inawaikira yokha. Tsiku limenelo awiriwo anadyera mbale imodzi, akukangana za mtengo wa mango umene amayi awo anabzala, kuti unali kumanja kapena kumanzere kwa nkhokwe.

Tsiku lachinayi nkhuku yakuda inagwetsa mapiko. Alamu anga anaipeza ikusinza, kukamwa kuli yasa, chitosi chobiriwira. Anainyamula kupita nayo kutali, anaipha n'kuitentha, nasamba m'manja ndi phulusa. Koma chinali chitalowa kale. Sindidziwa kuti chinadutsa bwanji, kaya pa nsalu yawo, kaya pa mapazi. Patapita masiku atatu yoyera yoyamba inayamba kuzungulira pamalo amodzi, khosi litapindikira kumsana. Ine ndinkapita m'mawa uliwonse. Tinasinja tsabola, tinaviika makungwa owawa, tinasungunula phulusa, tikuzimwetsa ndi nthenga imodziimodzi. Iwo ankazifukata pamiyendo, akuziwongola makosi ndi zala, akulankhula nazo ngati ana. Zinkafa ziwiri, mawa imodzi, mkuja ziwiri. Tambala ndiye anatsiriza. Anayesa kulira m'mawa womaliza, mawu osatuluka.

Anandiletsa kuti ndisakanene kunyumba, koma zinali zosabisika, popeza kumudzi nazo zathu zinali kugwa. Amuna anga anabwera okha. Anapeza khola lili pululu, alamu anga akukwirira dzenje. Anagwira msikizi uja ngati agwa.

"Ndabwera nacho ndine, m'khwapa mwangamu."

"Ndi mphepo, adumbu. Chitopa chimayenda ndi mphepo."

"Musandinamize ngati mwana."

"Ndati ndi mphepo. Gwirani khasu ili, msana wanga watopa."

Mpaka kufa kwawo sanasinthe mawu amenewo, kwa wina aliyense.

Anatsala ndi mazira aja khumi ndi limodzi, okhaliridwa masiku anayi okha. Tsiku limene nkhuku yakuda inagwa anawatola akadali ofunda, anawakulunga m'thonje limodzilimodzi, nawamanga m'nsalu pamimba pawo, pakhungu penipeni. Anati kutentha kwa munthu sikusiyana kwambiri ndi kwa nkhuku. M'mawa ndi madzulo ankamasula n'kuwatembenuza monga imachitira nkhuku ndi mlomo wake. Anasiya kuwerama, anasiya kulima, pogona ankatsamira mzati wa msasa. Dimba ankathirira ndi amuna anga, amene tsopano ankabwera tsiku lililonse, kuthamangitsa anyani ndi kutunga madzi ngati mkamwini watsopano. Masiku ankawawerenga ndi mfundo pa luzi.

Poyenda ankagwirira mimbayo ndi manja onse. Tsiku lina ndinalephera kupirira.

"Alamu, mimba imeneyi mwini wake ndani? Tikamugwire."

Anaseka mpaka misozi, akugwira nsalu ija. "Chokani apa NyaMvula, musandiseketse, angasweke."

Nkhuku imaswa pakatha masabata atatu. Masabata atatu anakwana. Anamasula nsalu, naika dzira lililonse kukhutu, natseka maso. Anamanganso. Linapita tsiku lina, ndi lina, ndi linanso. Tsiku lachinayi masana, tili atatu pamthunzi, dzira limodzi linaphulika m'nsalumo. Fungo lake linatiuza zonse.

Sanalire. Anamasula nsalu pang'onopang'ono, naika mazira otsalawo pansi. Pamimba pawo panali patatuluka zilonda za thukuta. Amuna anga anakumba kadzenje patsinde pa msikizi, alamu anga n'kumawapatsira limodzilimodzi ndi thonje lake lomwe. Amuna anga atatha kukwirira, alamu anga anakhala pansi n'kutambasula miyendo.

"Adumbu, manje itanani abale timete. Mbewu yake yathera m'manja mwanga."

"Yayi."

"Munanena ndinu."

"Ndinanena nditakhuta nkhuku yake. Amene waona manda a Yotamu ndani? Sitimeta."

Alamu anga anawayang'ana monga anawayang'anira tsiku la alendo lija, koma ulendo uno nkhope inali yotopa chabe.

"Ndiye mumudikire ndinu," anatero. "Ine ndatopa."

Anabwerera kumudzi mvula isanagwe, ndipo kudimba sanapitekonso. Anakhala nafe zaka zina ziwiri. Mpanda wa bango anausiya kuti mbuzi zidye. Munthu wina wachifundo anawabweretsera msoti woyera wakumudzi, iwo anathokoza n'kuupereka kwa mkazi wa a Goma. Dzina la mwana wawo sanalitchulenso, ndipo wina akalitchula ankapitiriza zimene akuchita. Ankadya kwathu, akukangana ndi mlongo wawo za zinthu zazing'ono, za fodya, za mchere, za amene anayamba kumera imvi. Kudwala kwawo kunali kwa masiku atatu. Anapita masana, mlongo wawo atawagwira mutu.

Titameta, nyumba yawo tinaigwetsa monga timachitira ndi nyumba ya womwalira. Mitengo yabwino anthu anagawana, udzu tinatentha. Patsala bwalo lozungulira la dothi lotsutsidwa, limene mvula yayamba kale kulidya m'mbali, ndi mafuwa atatu pakati. Mkamwini wathu, mwamuna wa Jenala, anapempha kuti amangepo nkhokwe popeza ndi pamalo pokwera, madzi sadikha. Amuna anga anakana. Anati munthu akadzafika kuchokera kutali amafunika kumuonetsa pamene panali khomo la amake, osati kumuonetsa nkhokwe ya mwini.

Ndiye pangokhala choncho. Masana amuna anga amatenga kampando kawo n'kukakhala m'mbali mwake, nkhope kuloza kunjira ya ku Lundazi. Wapanjinga akadutsa amaimirira, kenaka n'kukhalanso. Kumbuyo kwawo, pamene zitosi zinaunjikana zaka zonse zija, pamera bonongwe wonenepa, masamba ngati zikhatho, wofika m'chiuno. Ndiwo zikusowa m'mudzi muno nyengo ino, ndipo amayi amadutsa pomwepo popita kumadzi. Palibe amene wathyolapo.